Opaleshoni Yopanda Chipsera

Chaka chija Rufunsa itangokhala boma payokha, maofesi akadanunkha penti, mkodzo unandikanira ine, ndipo musaseke anyamata inu, tsiku lanu likubwera pa njinga. Ndinkaima kuseri kwa nkhokwe mpaka chiswe kuyamba kundimangira m'miyendo, koma chotuluka dontho limodzi, linzake mawa.

Manje mumati pulositeti, kanyama kotupa pansi pa chikhodzodzo, koma kale mwamuna akatsekeka chonchi, mudzi wonse unkati wakhudza mkazi wa mwini wotcheredwa mankhwala. Akazi anga, amake Esinati, anasiya kundiyang'ana kumaso. "Amene anakutsekaniyo akutseguleni," anatero akumanga zovala m'chitenje.

Kuchipatala cha mishoni anandiika kapaipi, n'kundiuza kuti ku Lusaka kuli maopaleshoni awiri. Ndinakafunsa amene anadutsamo. Ba Njovu a ku Chinyunyu anakweza malaya pamsika pomwe, mawu ngati lole pachitunda: "Ona, iwe! Anandin'gamba ngati mbuzi ya Khirisimasi. Magazi ambiri, kugona nthawi yaitali, koma anachotsa chonse." Ba Lungu a ku Shikabeta, kamawu kawo ka udzudzu, anandikokera pambali: "Ine sanandicheke. Analowetsa kachitsulo m'njira ya mkodzo n'kupala m'kati ngati dzungu. Ndinatuluka msanga, kungoti kwa ena kanyamako kamameranso. Koma kunyumba mpaka lero akuti ndinapita kwa chibwenzi, poti chipsera palibe."

Ine amene ndimakomoka akamathena nkhumba, ndinafika kwa dokotala ku Lusaka, ndipo ndinati, "Ba dokotala, ng'ambeni. Chipsera chachikulu, chooneka ndili patsidya la msewu."

Anavula magalasi. "Madala, mpeni ndi wa chotupa kwambiri, chanu n'chaching'ono. Chipsera mukachigulitsa kuti?"

Ndinawauza zonse. Sanaseke, anangoti, "Aitaneni amayiwo."

Amake Esinati anabwera pa minibasi ndi chitenje chomangidwa chija, kuti akachoka pamenepo alunjike kwawo. Dokotala atandipala ngati ba Lungu, ndinagona ndikuyang'ana mtolo uja pansi pa bedi, poti ndinalibe chowaonetsa. Kenaka dokotala anadza ndi kabotolo, m'kati muli tinyama totuwa. "Amayi, mkazi wa mwini uja ndi uyu. Amabwera ndi ukalamba."

Amake Esinati anakazunguliza kabotolo pa windo nthawi yaitali. "Tinyama iti, tosakhutitsa ndi mphaka yemwe?" Kenaka anawerama, n'kumasula mtolo, n'kutulutsa bulangeti kundifunditsa miyendo.

Ndiye inu, mkodzo ukadzayamba kunyinyirika, musadzabisale kuseri kwa nkhokwe, ndipo njira ya opaleshoni musadzaisankhire pamsika. Dzapiteni msanga, koma amake ana mudzawatenge, adzamve okha mtolo usanamangidwe.