Tsiku limene ndinayankha apongozi

Aulutsi, ndiloleni ndiuzeko omvera anzanga zimene zinandichitikira ku Kitwe dziko litangolandira ufulu, ndikugwira ntchito pamgodi.

Mwana wathu woyamba anadwala chibayo. Kuchipatala cha mgodi anati azibayidwa jakisoni wa penisilini tsiku lililonse mpaka mankhwala atatha. Apongozi anga aakazi, amene anabwera kudzacheza kuchokera ku Katete, anakana. Anati matendawo ndi tsempho, ndipo mwana wa tsempho ukamubaya amafa. Kutchula tsempho kunali kunena kuti ine ndinayenda kunja kwa banja.

Kwathu mkamwini satsutsana ndi apongozi, mawu amadzera kwa mkazi. Koma mkazi wanga ankangolira, mwana akubanika. Ndinagwada pakhomo, maso pansi.

"Amayi, mlandu wanga mudzaweruza mwana akachira. Lero akukabayidwa."

"Akakafera konko mudzamunyamula nokha," anatero atandifulatira.

M'mawa uliwonse ndinkapita naye ndisanalowe ntchito. Thupi litazizira, atayambanso kuyamwa, anansi anati wachira, ndileke kumuzunza ndi singano. Sindinaleke, poti adokotala anati matenda akabwerera amabwera ndi ukali.

Tsiku la jakisoni womaliza ndinapeza apongozi atamubereka kale mwanayo, atavala chitenje chawo cha kutchalitchi. Sanandiyang'ane. Anauza mkazi wanga kuti, "Uwauze atate ake atsogole, ine njira sindiidziwa."

Ndinatsogola. Msewu wonsewo ndinayenda ngati mgodi ndi wanga.