Malaya a Bambo Alufeyo Chimphepo

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1953 m'mudzi uno, kwa Mlonyeni, ndipo anawatcha Alufeyo Chimphepo. M'mimba mwa amayi athu tinalimo asanu. Iwo anali achinayi, ine Mateyu amene ndikuwerenga mbiriyi ndine woyamba, ndipo lero ndatsala ndekha. Abale ena anandipempha kuti ndifupikitse ndi kudumpha zaka zina. Sindidumpha. Amene akuona kuti ndikuchedwetsa mwambo apirire, pakuti malemu anapirira zoposa apa.

Sukulu anayamba mu 1961, koma analekezera Sitandade 4 atate athu atamwalira. Mu 1972 analowa ntchito pa esiteti ina ya fodya kwa Mavwere. Anayamba ndi kusoka fodya m'zigafa, kenako anawapatsa ng'ombe kuti aziyendetsa ngolo. Mu 1977 anamanga ukwati woyera ndi mayi Keziya a kwa Dambe, ndipo Mulungu anawapatsa ana atatu: Felix, Takondwa ndi Caroline.

Mu 1989 anagula ngolo yawoyawo ndi ng'ombe ziwiri, nabwerera kumudzi kuno. Akuluakulu muli pano, ndani mwa inu amene ngolo imeneyo sinamuthandize? Inanyamula amayi opita kukachira, inanyamula odwala, inanyamula mabokosi a abale anu kupita kumanda omwe tikupitawa. Kumpingo anali munthu wa mgonero ndipo ankaimba besi mu kwaya.

Pa 16 Ogasiti 1997, m'mawa, akupita kukadula mitengo ya chigafa cha kumalire, anapeza munthu ali thapsa m'kanjira kamene amadutsa amalonda a panjinga. Anali atakhapidwa kumutu. Sankamudziwa. Anamukweza m'ngolo kuti athamangire naye kuchipatala, koma munthuyo anatsirizikira panjira. Malemu anachita zimene atate athu anatiphunzitsa. Anamutseka maso. Anavula malaya awo namufunditsa kumaso, chifukwa womwalira sayang'ana dzuwa. Anatuma mayi wina wodutsa kuti akanene kupolisi, ndipo iwo anakhala pansi pambali pa ngolo, chifukwa maliro sasiyidwa okha.

Apolisi anafika dzuwa litapendeka. Anapeza munthu wopanda malaya, manja ali magazi okhaokha, malaya ake ali pa mtembo, nkhwangwa ili m'ngolo. Kwa iwo kufufuza kunathera pomwepo. Sanadzifunse kuti ndi chigawenga chanji chimene chimapha munthu, n'kudziitanira apolisi, n'kuwadikira tsiku lonse padzuwa. Mtembowo anadzautenga abale ake. Anali Bambo Jailosi Tembo a tsidya ilo, ku Zambia, ogulitsa shuga panjinga.

Belo anawakaniza, akuti mlandu wakupha umaweruzidwa ndi khoti lalikulu lokha. Anawatumiza kundende ya mumzinda pa limandi, ndiye kuti kukadikira tsiku la mlandu. Anadikira zaka zisanu ndi ziwiri. Ine ndinkapitako, sindikunena zongomva. Ankadya kamodzi patsiku, mgaiwa ndi nandolo zofumbwa. Usiku ankagona chokhala, maondo a mnzawo ali pamsana pawo. Masiku amenewo tinali titavota, ndipo wailesi inkanena za ufulu wachibadwidwe m'mawa ndi madzulo. Ufulu umenewo sunapeze khomo la chipinda chawo.

Kuno kumudzi mayi Keziya anagulitsa ng'ombe imodzi, kenako inzake, pomaliza ngolo, kuti aziwapititsira chakudya. Mu 2001 mwana wawo woyamba, Felix, anamwalira. Munthu amene anadikirira maliro a mlendo panjira sanaloledwe kuponya dothi pa manda a mwana wake. Akulu a mpingo nawo anawaimitsa pa mgonero, akuti mpaka mlandu utatha.

Pa 3 Novembala 2004 woweruza wina anayendera ndendeyo. Anafunsa za mboni, panalibe mboni. Anawauza kuti azipita. Sanawapeze olakwa, sanawapeze osalakwa, ndipo mawu oti pepani sanatuluke pakamwa pa wina aliyense. Anafika kuno akutsokomola chifuwa chachikulu. Ena mwa inu munkaitana ana anu kuti alowe m'nyumba iwo akamadutsa. Ndikukudziwani, koma lero sinditchula maina.

Mu Meyi 2005, atapezako mphamvu, anawoloka malire wapansi kukaona manda a Bambo Jailosi. Ankati munthu amene unamutseka maso uyenera kudziwa pamene anagona. Kumeneko anakumana ndi mayi Esitele, amasiye a Bambo Jailosi, ndi ana awo. Mayiwo anawauza kuti amene anapha amuna awo anagwidwa kale mu 1999 akugulitsa njinga ya Bambo Jailosi, anavomera, ndipo akugwira ukaidi konko. Banjalo silinkadziwa kuti kuno kuli munthu wina amene ali m'ndende pa imfa yomweyo. Tamvani bwino, anamalira. Kwa zaka zisanu choonadi chinali pamtunda woti munthu achoke m'mawa, masana afike. Ife amalire timawoloka tsiku lililonse ndi shuga, sopo ndi feteleza. Aboma okha ndi amene analephera kuwolotsa mawu amodzi.

Atabwerako anakafotokozera akulu a mpingo. Akuluwo anawayankha kuti adikirabe mawu a khoti oti mlandu watha. Mlandu umene sunayambe ungathe bwanji? Malemu sanakangane nawo. Sabata lililonse ankakhala pa benchi lakumbuyo, mbale ya mgonero n'kuwadutsa. Chinthu chimodzi chokha ndicho anandipempha ali kuchipatala: kuti asadzaikidwe ndi dzina la wakupha, chifukwa zidzukulu zawo zidzakula nalo.

Anagonekedwa m'chipatala pa 20 Juni chaka chino cha 2006, ndipo anatisiya pa 11 Julaye, ali ndi zaka 53. Asiya akazi awo mayi Keziya, ana awiri, Takondwa ndi Caroline, ndi zidzukulu zisanu.

Banja likuthokoza anamwino amene anawasamala, ndi anansi amene sanatembenuze nkhope. Likuthokoza amayi a kwaya amene aimba pano osadikira kuti zokambirana za akulu a mpingo, zoti ayendetse maliro ano kapena ayi, zithe. Tamva kuti zikadali mkati. Aboma sitiwathokoza, pakuti sitinaphunzitsidwe kunama pamaliro.

Kuthokoza kwakukulu kupite kwa mayi Esitele, amene akhala apo pambali pa mlamu wanga, ndi ana awo aamuna awiri. Anawoloka malire dzulo atangomva uthenga. Anyamatawa anapempha adzukulu athu kuti awapatse makasu, ndipo manda amene tikupitako akumba nawo ndi manja awo. Khoti silinalankhule, mpingo ukadali kudikira, koma ana a munthu amene ankati anaphedwa ndi mng'ono wanga ndi amene amukonzera pogona. Mboni zimene boma linasowa ndi zimenezo. Zidzukulu, mwaziona ndi maso anu.

Malaya aja apolisi sanabweze. Pamene muzidutsa kuona nkhope, muyang'ane malaya oyera amene avala m'bokosimu. Awabweretsa mayi Esitele.

Alufeyo, mng'ono wanga, mwavala. Pitani, mukause mumtendere.