Bondo la a Telala Silipweteka

Amuna anga ndi telala, ndipo nyamakazi yawadya mawondo moti podzuka pampando amalira ngati chitseko chadzimbiri. Mwana wathu wamkazi atatopa nazo anagamula kuti ngati mawondowo akupwetekabe, makina awo opalasa ndi phazi agulitsidwe, wogula alipo kale. Ndipo woti adzafunse n'kumubwezera yankho anatuma malume ake, mlongo wanga, munthu wokalambira pa umesenjala, amene mawu amawanyamula ngati mazira, osawonjezera, osachotsera.

Anafika m'mawa ndi beseni, thawulo ndi fulasiki ya madzi otentha. Ine ndinali pakona, kusita.

"Mwadzuka bwanji, alamu?"

"Ngati mnyamata," anatero amuna anga, atagwira tebulo ndi manja onse awiri.

"Tithokoze. Mwana wandituma ziwiri. Ndikuthoweni bondo lomwe likupweteka, kenako ndimuimbire foni kumuuza zomwe mwanena." Anatsegula fulasiki, nthunzi n'kuti tolo. "Likupweteka ndi liti?"

"Palibe."

"Palibe?"

"Mwagontha? Ndati palibe."

"Chabwino." Anatseka fulasiki.

Amuna anga anaiperekeza nthunziyo ndi maso mpaka kudenga.

"Iih, nanga mwatsekeranji? Madzi mwanyamula kale. Thowani lakumanzereli."

"Ndiye lopweteka ndi lakumanzere."

"Sindinatero!"

"Ine anandiuza lopweteka. Zothowa bondo labwinobwino sanandiuze."

"Ingothowani mwaulemu, alamu. Ngati moni."

"Bondo silipatsidwa moni."

Amuna anga anatsonya. Anakhala pansi pang'onopang'ono ngati munthu woopa kuswa mpando, mano ataluma, kenako anayamba kununkhiza m'mwamba.

"M'thumba mwanumo mukununkhira chiyani?"

"Mafuta opaka, otenthetsa aja. A anthu odwala nyamakazi."

"Bweretsani ndidzoleko. Khungu langa lauma."

"Khungu louma mafuta ake ndi ena. Achemwali, muli nawo odzola?"

Ndinali nawo. Ndinawaponyera amuna anga botolo pamiyendo, ndipo linatera ndendende pabondo lakumanzere. Anatulutsa mawu amene sindingalembe pano.

"Mwakuwa, alamu."

"Ndikuyimba!"

"Nyimbo yanji imeneyo?"

"Yatsopano. Simukuidziwa."

Mlongo wanga anagwedeza mutu, kuvomereza kuti sakuidziwadi. Amuna anga anakanda chibwano, n'kutsitsa mawu ngati munthu wogula katundu wakuba.

"Tamverani, alamu. Tiyerekeze kuti pali munthu. Mnzanga. Telala ngati ine ndemwe."

"Eya."

"Bondo lake m'mawa limauma gwa. Akapalasa makina limabaya ngati muli singano m'kati. Munthu wotere angatani?"

Mlongo wanga anaima njo, manja kumbuyo, monga ankachitira kuofesi.

"Namwino anauza mwana, mwana anauza ine. Azithowa ndi madzi otentha. Likatupa, aikepo chozizira. Asamakhalitse pampando, azidzuka n'kuongola miyendo. Aziyenda pang'onopang'ono tsiku lililonse. Ndipo achepetse mimba, chifukwa mawondo si ngolo."

"Mimba muisiye, si yanu."

"Si yanunso. Ndi ya mnzanuyo." Ananyamula beseni. "Amakhala kuti? Ndimuthamangitsire madziwa asanazizire."

"Khalani pansi!"

"Munthu akuvutika, alamu. Inu muli bwinobwino, mukumumana?"

"Amakhala kutali."

"Ndikwera basi."

"Basi sifika."

"Ndiyenda wapansi. Ine mawondo ndili nawo."

"Anamwalira!"

Mlongo wanga anaika beseni pansi, n'kuvula chipewa.

"Pepani. Liti?"

"Posachedwapa."

"Ndi bondo lomwelo?"

"Ndi anthu ofunsa mafunso!"

"Mayo ine. Dziko laipa." Anavalanso chipewa, n'kuyang'ana fulasiki mwachisoni. "Ndiye madziwa alibe mwini. Achemwali, kusiyana n'kutaya, pangirani tiyi."

Ndinapanga. Makapu atatu. Mlongo wanga anamwa, ine ndinamwa. Amuna anga kapu yawo anaikhazika pabondo, maso atatsinzina ngati mphaka padzuwa.

"Tiyi amamwera kukamwa, alamu."

"Ndikumupoletsa."

"Ngati watentha kwambiri, bweretsani." Anawalanda kapu, n'kuyamba kuthira uku ndi uku mpaka tiyi anazizira ngati wadzulo, ndipo anawabwezera mwaulemu, ndi manja awiri.

Pamenepo maso ake anagwa pa ndodo yotsamira ku makina.

"Ndodo iyi n'njayani?"

"Yanga. Yopirikitsira agalu."

"M'nyumba muno mulibe agalu."

"Chifukwa cha ndodoyo!"

"Ooh. Ndiye ndi yamphamvu." Anaikolekera pamkono. "Ndibwereka. Kwathu agalu atisowetsa tulo."

"Ndiyendera chiyani?"

"Mumayendera ndodo?"

Ndinkangomva simbi ikupuma pa malaya.

"Ndimayendera miyendo," anatero amuna anga, mawu akutuluka m'mano.

"Ndinadziwa." Mlongo wanga anatulutsa foni, n'kuiyika patali ndi maso kuti aone manambala. "Tsopano yachiwiri. Mwana ndimuuze chiyani?"

Apa ndiye amuna anga anatupa ngati finye.

"Mumuuze kuti bambo ake ndi chitsulo."

"Chitsulo."

"Makina awa ndinayamba kupalasa iye asanabadwe. Anaphunzirira sukulu pa phazi ili. Agulitse mafoni akewo, osati makina anga."

"Osati makina anu."

"Mumuuze kuti ndikhoza kupalasa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa."

"Mpaka kulowa."

"Osapuma!"

"Bambo," ndinalowererapo, "munthu mukumutumayu mukumudziwa bwino."

"Inu mayi, sitani zovala. Tikukamba amuna."

Ndinasita. Mbuzi ikafuna kulowa yokha m'khola la fisi, suikoka mchira.

Mlongo wanga anaimba, ataimirira, chipewa chili pachifuwa. Anabwereza zonse, kuyambira chitsulo mpaka osapuma, ngakhale za mafoni zija sanasiye. Kenako anangoti, "Eya. Eya. Ndamva. Eya," kwa nthawi yaitali, n'kudula.

"Akuti wasangalala kwambiri. Makina sagulitsa."

"Mwaona!" Amuna anga anamenya tebulo, anadzuka kuti avine, anafika theka la njira, n'kukhalanso. "Ndivina madzulo. Mwaona, mayi? Mwamuna amalankhula kamodzi!"

"Akutinso," anapitiriza mlongo wanga, "ku hotela komwe amagwira ntchito akusintha makatani. Ntchitoyo amafuna kupatsa telala wina, poopa mawondo anu. Tsopano wawauza akuluakulu ake kuti bambo ake ndi chitsulo."

"Makatani a pabalaza?"

"A zipinda zonse."

"Hotelayo ndi yaing'ono eti?"

"Yosanja. Akuti ukaima pamwamba, anthu amaoneka ngati nyerere."

"Nsalu yake yopepuka ija?"

"Yokhuthala, yotchinga dzuwa. Yopinda kawiri. Akuti telala winayo anapempha mwezi wathunthu, koma poti inu simupuma, wawalonjeza kuti sabata ino atha."

"Munamuuza zoti osapuma?"

"Mawu anu, alamu. Sindinagwetse ngakhale amodzi. Galimoto ya nsalu akupakira panopa."

Amuna anga anayang'ana chopondera cha makina. Anayang'ana bondo. Anandiyang'ana ine, ine n'kutembenuza malaya kuti ndisite kumsana.

"Alamu."

"Wawa."

"Muimbireninso."

"Ndimuuze kuti likupweteka?"

"Silikupweteka!" anakuwa amuna anga, atalikumbatira bondolo ndi manja onse awiri. "Mungomufunsa ngati wogula uja angafike kuno galimotoyo isanafike."