Kumanja Kufanane ndi Kumanzere

Kwathu kuno kufupi ndi tauni ya Saumur, masamba atayamba kufiira ndi kuyoyoka mu Okutobala, Mayi Odile anauza amuna awo a Firmin kuti akonze munda wa maluwa wa kumaso kwa nyumba, poti Lamulungu kunkabwera makolo a mnyamata wofuna kukwatira mwana wawo Noemie. Lamulo anasiya limodzi lokha, lakuti cha kumanja kwa kanjira chifanane ndi cha kumanzere, ndipo pochokera kumsika anapeza bamboyo ali pamwamba pa makwerero.

"Mayo ine! Abambo a Noemie, mtengo wa maapoziwu mwautani?"

"Ndaufananitsa," anatero a Firmin, akuthothola tsamba lomaliza. "Wa kumanzere unayoyoka kale. Uwu umachedwa."

"Ndiye mwaumeta mpala?"

"Ndinayamba ndayesa kumata masamba pa unzakewo. Mphepo inakana."

Mayi Odile anatula dengu pansi. "Nanga maapozi ake? Ndimati ndiphikire alendo keke!"

"Kumanja anachuluka." A Firmin anasisita mimba. "Opitirirawo ndawasunga muno."

"Ha! Nanga milu yadothi iyi pa kapinga wanga?"

"Wa kumanzerewo ndi wa mfuko. Wa kumanjawu ndi wanga."

"Mwakumba dala?"

"Ndinamudikira mfukoyo kuti awoloke yekha, koma zikuoneka kuti lamulo lanu sanalimve. Komatu taonani, wanga ndiye waudongo."

"Osangosalaza wa mfukowo bwanji?"

"Simunati salazani. Munati fananitsani."

A Firmin anatsika pa makwerero n'kudzipukuta thukuta ndi chipewa. "Amayi, ino ndi nyengo yoti zinthu zigwe. Bwanji tingousiya munda ukhale mmene wafunira?"

"Ayi! Kwa asewere athuwo mpanda wa maluwa amaudulira ndi chingwe, kuwongoka ngati tebulo. Mukufuna azikati mwana wathu anakulira m'tchire? Lamulo silisintha. Kumanja, kumanzere, chimodzimodzi!"

"Chabwino. Ndasangalala kuti mwatero, chifukwa ndimada nkhawa ndi nkhani ya mphuno."

"Mphuno ya ndani?"

A Firmin analoza ndi mlomo ziboliboli ziwiri zamwala, tiana tonyamula mitsuko, zimene zinaima uku ndi uku pachipata. M'thumba mwawo munkasuzumira hamala.

Mayi Odile anagwira m'mutu. "Mphatso ya malemu mayi anga!"

"Ka kumanzere kanathyoka mphuno ndi chisanu cha chaka chatha. Ka kumanja kamangonyada nayo yake."

"Mwakagumula?"

"Mwaulemu ndithu. Kungoti ndinapyola pang'ono, khutu linatsatira. Ndiye ndinabwerera kumanzere kukachotsanso khutu."

"Ambuye, ndigwireni mtima! Munthu uyu ndinamutola kuti?"

"Kugule wa nthawi yokolola mphesa. Munali mutavala zobiriwira."

"Sindikufunsa inu!"

"Pepani, ndimayesa Ambuye achedwa kuyankha."

Mayi Odile anapuma mwamphamvu, nayenda mpaka pakati pa kanjira, timiyala tikulira kuphazi.

"Tamverani. Zawonongekazo zawonongeka, koma lamulo langa lili pomwepo. Alendo akafika tijambulitsa pano. Inu muima pakati, mutseke mitengo yanu yampalayo. Ine ndiima kumanzere kwanu. Mwamva?"

"Kumanzere," anatero a Firmin. Anatulutsa chingwe chodulira mpanda, nagwada, n'kuyamba kuwayeza akazi awo kuchokera kuchidendene mpaka kumutu.

"Aaa, mukundiyezeranji ngati bokosi la maliro?"

"Kumanja kulibe munthu."

"Ndiye?"

"Ndiye pafunika wina wofanana nanu. Mayi Solange, amasiye a kuseri kwa mpandawa, msinkhu wake ndi womwewu. M'chiuno ndiye achepa pang'ono, koma tiwaveka majuzi awiri."

"Solange? Uja amakusekererani mukamathirira maluwa?"

"Eya, ndi munthu womasuka, sangakane. Mungowabwereka diresi longa lanulo. Inu mukandigwira dzanja ili, iwo agwira linali."

"Agwira chiyani?"

"Dzanja. Ndipo mukandipsompsona tsaya la kumanzere, monga muja mumachitira pa alendo, iwo..."

"Iwo atani?"

"Lamulo ndi lanu, amayi. Ine ndimangotsatira." A Firmin anaimirira, nakonza kolala, nayang'ana kuseri kwa mpanda. "Mayi Solange! Muliko kodi?"

Mayi Odile anawatseka pakamwa ndi dzanja, nalanda chingwe chija n'kuchiponya mu wilibala ya masamba.

"Bambo inu, anakunamizani ndani kuti munda umafunika kufanana? Wopendekeka ndiye wokongola!"