Maliro a Amayi Ndinawaonera M'chipinda Chochapira

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu, kaya muli pa Joni pano kaya kumudzi. Ine ndine mayi wa ku Ntcheu, ndipo ndagwira ntchito ya m'nyumba ku Midrand zaka zisanu ndi ziwiri. Lero ndikufuna ndiulule chimene ndinachibisa pafupifupi chaka chathunthu chifukwa cha manyazi: amayi anga ondibereka atamwalira, ine sindinapite kukawaika.

Ondidziwa akudziwa kuti ndine munthu wa "chabwino madamu". Wina akandiponda chala, wopepesa ndimakhala ineyo. Zaka zonsezo sindinapemphepo tchuthi. Ndinkachita zimene Amalawi ambiri timachita kuno: ukafuna kupita kumudzi, umapeza mnzako wakwanu kuti akugwirizire ntchito, n'kumulipira wekha. Ndinkayesa kuti tchuthi cha mlendo n'chomwecho. Pakhomo pomwepo panali mayi wina wakonkuno, Sisi Nomsa, wolera ana. Iye Disembala aliyense ankapita kwawo milungu itatu, malipiro osadulidwa. Ndinkangoti ndi eni dziko, ndipo ndinkamuopa moti kupatula moni sitinkayankhulana.

Uthenga unandipeza Lachinayi m'mawa ndikusita malaya a bwana. Achimwene anga anati amayi atisiya, ndipo ngati ndinyamuke tsiku lomwelo adikira mpaka ndifike. Ndinakagwada pamaso pa madamu n'kuwauza kuti wogwirizira ndamupeza kale. Anakana, ati Loweruka kukubwera alendo ndipo sakufuna nkhope yachilendo m'nyumba mwawo. Ndinalimba mtima n'kuwakumbutsa kuti Nomsa anapita ku maliro a bambo ake chaka chatha.

"Nomsa ndi wakuno, malamulo amamudziwa," anatero. "Iwe ukatuluka pagetipo usabwerenso. Amalawi ofuna ntchito ndi osayamba."

Ndinaganizira ana anga awiri amene ali pasukulu kumudzi. Ndinati zikomo, n'kubwerera ku simbi yanga.

Loweruka maliro ndinawaonera pafoni, nditadzitsekera m'chipinda chochapira. Ndinayatsa makina kuti alendo asamve kulira kwanga. Ndinaona amayi a chigwirizano atavala zoyera akuimba, ndinaona bokosi likutuluka m'nyumba imene ndinakuliramo. Itafika nthawi yoona nkhope, achimwene anayandikitsa foni, ndiye netiweki inathawa. Pamene inkabwerera n'kuti atatseka kale. Ndinapukuta m'maso n'kupita kukaperekera zakudya, ndipo mlendo wina anandiyamikira kuti ndine womwetulira.

Kuyambira tsiku limenelo makina aja anasanduka mdani wanga. Akayamba kuzungulira mwamphamvu, ndinkamva nyimbo ya pamaliro ija m'kati mwake, masanasana dzuwa likuswa mtengo. Mufoni munatsala uthenga wamawu umene amayi ananditumizira kutatsala mlungu umodzi kuti amwalire. Ndinali nditaumva kamodzi kokha, ndipo anali funso limodzi: "Mwanawe, ubwera liti?" Kuufufuta ndinkalephera, kuumvanso ndinkaopa. Ndinayamba kuonda. Kutchalitchi kwathu ku Joubert Park ndinasiya kukhala kutsogolo, ndipo anzanga akandifunsa za maliro ndinkanama kuti ndinapita. Ndinkadziona ngati mwana amene anasinthanitsa mayi ake ndi ntchito yotsuka mbale za eni.

Miyezi itapita achimwene anandiuza tsiku la mwambo wa chiliza. Sanandifunse n'komwe ngati ndibwera, ndipo chimenechi chinandiwawa kuposa kunditukwana. Pemphero langa linafupika mpaka linatsala mawu ochepa: Ambuye, ndiloleni ndikagwade pa manda a amayi, koma ana anga asagone ndi njala chifukwa cha ulendowo. Njira sindinkaiona.

Yankho linabwera kudzera mwa munthu amene ndinkamuthawa. Tsiku lina Nomsa analowa ndi zovala za ana n'kundipeza nditaima patsogolo pa makina, nditatseka makutu ndi manja. Anazimitsa makinawo n'kundifunsa chimene chikundidya. Sindikudziwa mphamvu ndinazitenga kuti, koma ndinamuuza zonse. Iye sankadziwa n'komwe kuti ndinaferedwa, ngakhale tsiku la maliro anali m'nyumba momwemo.

"Hawu, sisi, unaika mayi ako uli muno?" anatero, misozi ili chuchuchu. "Tchuthi si mphatso ya madamu ayi. Ndi chako, monga chilili changa."

Pa tsiku lathu lopuma anandiperekeza ku ofesi yoona madandaulo a antchito. Pakhomo ndinafuna kubwerera, koma ndinakumbukira kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Bambo amene anatilandira sanandifunse kuti ndabwereranji m'dziko lawo. Anandifotokozera kuti wantchito wa m'nyumba ali ndi milungu itatu yopuma pachaka akulipidwa, komanso masiku asanu a zovuta za m'banja monga maliro a kholo, ndipo lamulo silisankha kumene munthu anabadwira. Masiku asanu, abale. Akanandikwanira kufika ndi kuona nkhope ya amayi. Ndinalira pampando pomwepo, chifukwa ndinazindikira kuti chimene chinandimanga chinali kusadziwa ndi mantha anga.

Madamu ataitanidwa ku ofesiko anakana kuti sanayankhulepo zoti ndikapita ndisabwerenso. Nomsa anaimirira n'kunena momwe ankapitira kwawo ine ndikutsala, ngakhale ankadziwa kuti mawa lake alowanso m'nyumba yomweyo. Mapeto ake madamu anasaina kuti ndipite milungu itatu ndipo ntchito ndidzaipeza. Anakhala mwezi osandipatsa moni, koma moni sindinkaudya.

Ndinafika ku Ntcheu kutatsala tsiku limodzi kuti mwambo wa chiliza uchitike. Mwambo utatha, anthu akubwerera kumudzi, ndinapempha achimwene kuti aime nane pang'ono. Ndinagwada pambali pa chiliza, ndinatulutsa foni n'kutsegula uthenga uja. Mawu a amayi anamveka bwinobwino pakati pa mitengo, akufunsa kuti ndibwera liti.

"Ndabwera, amayi," ndinatero. "Ndachedwa, koma ndabwera."

Sindikunamizani kuti zonse zinatha. Nkhope yawo sindinaione ndipo sindidzaionanso pansi pano, ndipo masiku ena makina aja akazungulira mtima umadumphabe. Koma Mulungu anamva pemphero langa lalifupi lija, ndipo anandiyankha kudzera mwa munthu amene ndinkamuyesa mdani. Ulemerero upite kwa Iye. Inu amene mukugwira ntchito m'nyumba za eni, pempherani osatopa, komanso funsani zimene lamulo likunena foni ya kumudzi isanalire. Musadikire kudzayankha mayi anu pa chiliza ngati ine.