Chikwanje cha a Muthu

Kale lija, mayi anu akadali pasukulu, tiramu, sitima ya m'misewu ija, itangoyamba kumene kuyenda muno mu Croydon, a khansolo anandipatsa kadimba kano, ndipo ndinakapeza kali minga yokhayokha yofika m'chiuno. Tadala, bweza chimenecho pamsomali mdzukulu wanga, gwira kumtengo wogwirirako, osati kumene kukuwalako. Eya. Khalani pathumbapo mvulayi idutse, ndikuuzeni za mwini wake, poti mwayamba kufunsa ngati agogo anu ndine chigawenga.

Ine ndinabwera ndi kasizasi ka m'shopu kodulira maluwa, n'kumalimbana ndi mingayo manja onse ali magazi, ndipo kuseri kwa mpanda uko kunali mkulu wina wamfupi, wakuda kuposa ine, akungondiyang'ana n'kumapukusa mutu. Amenewo ndiwo anali a Muthu, Mtamilu wa kumwera kwa India, amene ankagwira ntchito yoyeretsa sitima. Analowa m'kashedi kawo n'kutuluka ndi chikwanje ichi, chopindika kunsonga ngati mlomo wa kabawi, iwo ankachitchula kuti aruvalu, ndipo ankangokola munga ndi nsongayo, kukoka kamodzi, uli pansi. Ine mwana wa ku Thyolo, wokulira m'nthochi, manyazi anandigwira. Paja amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, koma tsiku limenelo tonse tinali alendo, kungoti mnzangayo anakumbukira kunyamula kake.

Inu mukaona chitsulo chotere mumaganiza za apolisi ndi za pa nyuzi, ndipo sindikukudzudzulani, poti ana akubayanadi m'misewu muno. Koma kwathu kale mnyamata wamsinkhu wako Chisomo ankapita nacho kudimba, kukumana ndi wapolisi panjira n'kupatsana moni. Kwa a Muthu kunalinso chimodzimodzi, chimenechi ndicho chinkadula nzimbe, kuswa kokonati, kusadza nkhuni, ndipo nyumba yopanda aruvalu inali nyumba ya aulesi.

Tsono chaka chilichonse, masamba akayamba kuyoyoka, Atamilu ali ndi tsiku lopumitsa zida zawo. A Muthu ankachitsuka, kuchipaka mafuta, kuchiika kadontho ka ufa wofiira, pambali pake duwa lachikasu ndi nthochi, ndipo tsiku lonselo sichinkadula ngakhale udzu. Ine, mkulu wa mpingo ndithu, ndinkawaseka. "A Muthu, chitsulo chimadya nthochi?" Iwo amvekere, "Nanga iwe mng'ono wanga, khasu lakolo lakudyetsa chaka chonse, unayamba walithokoza?" Nthochiyo mapeto ake tinkadya ndife.

Pa tsiku lina lotero ndi pamene anandiuza chimene chinkawalemera mumtima. Mchimwene wawo wamkulu, pa mkangano wa madzi othirira mpunga, anatema nacho munthu wa m'mudzi momwemo, munthuyo dzanja n'kupuwala, wotemayo n'kukakalambira kundende. Bambo awo anatenga dzanja la a Muthu, akadali mnyamata, n'kuligwiritsa pamtengo wa chikwanjechi pomwe unagwira paja iwe Tadala, ndipo anawalumbiritsa kuti chikwanjechi chisadzalawenso munthu, komanso kuti chaka ndi chaka azichitsuka ndi manja awo. N'chifukwa chake anachikulunga m'malaya n'kuwoloka nacho nyanja, osachisiya kwa abale amtima wapachala.

Koma ukalamba, ana inu, suona nkhope. Mutu wa a Muthu unayamba kusokonezeka, mpaka mwana wawo wamkazi Kavita anawabweretsa kunyumba yosamalira okalamba komwe ine ndinkagwira ntchito. Dzina langa anali ataliiwala, la mwana wawo lomwe. Ndiye masamba atayamba kuyoyoka anangosiya kudya. Mpunga ayi, phala ayi, ankangokankha mbale, dzanja lili m'malere kupukuta chinthu chosaoneka, kuwongoka n'kupindika kumapeto. Munthu anaonda mpaka mphete kugwa yokha, ndipo adokotala anauza Kavita kuti zikapitirira choncho akonzekere. Ine mtima unandiwawa kwambiri, poti munthu amene ndinkadya naye nthochi ankatha ndikumuona.

Ndinamupeza Kavita pakhonde akupukuta misozi, ndipo ndisanatsegule pakamwa anati, "Ndikudziwa chimene akufuna, ankolo, tsiku lake ndi mawa. Koma chili m'buti mwa galimoto, ndachikulunga kale, ndikukachiponya m'bokosi la apolisi lotayiramo mipeni. Ndili ndi mwana wamwamuna ine, ndipo mukudziwa chimene chinachita kwathu."

Sankalakwa mwanayo, mayi aliyense wa muno mu London angaganize choncho. Ine ndinangoti, "Mwana wanga, chikwanje n'cha kwanu, sindingakuletse. Koma bambo ako aiwala zonse, chatsala m'mutu mwawo ndi lumbiro lokhalo. Aloleni achitsuke kaye, kubokosiko upite mkuja."

Amanijala anakana kuti chilowe m'nyumbamo, ndipo nawonso sankalakwa, poti m'menemo munali anthu osokonezeka mitu. Koma analola kuti titulutse a Muthu akapitidwe mphepo. Choncho m'mawa mwake tinawafunditsa bulangeti pa wilutcheya, kukwera tiramu, mpaka pano, pamene wakhala iwe Chisomo. Kavita anachitulutsa m'nsalu, ine ndagwada pafupi mtima uli m'mwamba, poti kupatsa munthu wodwala mutu chitsulo chakuthwa si masewera.

A Muthu anachilandira ndi manja awiri, ana inu. Anachitsuka pang'onopang'ono kuyambira kumtengo mpaka kunsonga, n'kutambasula chala kufuna ufa wofiira, ndipo ine ndinati tagwa nayo, ufawo tiupeza kuti? Ndinangoona Kavita akupisa m'chikwama n'kutulutsa kabotolo. Anali ataunyamula yekha, duwa lomwe, nthochi yomwe, munthu amene dzulo lake ankati akukataya.

A Muthu anaika kadontho kaja, kenaka anagwira dzanja la mwana wawo n'kuliika pamtengo, n'kuyankhula m'chinenero chawo mawu ochepa, ndipo kumapeto kwake ndinamva ndi makutu angawa akuti, "Kavita." Mwanayo analira ngati khanda. Pambuyo pake Kavita anandiuza kuti anali mawu omwe aja amene a Muthu anauzidwa ndi bambo awo kumudzi. Atatero a Muthu anasenda nthochi, kubenthulira Kavita, kubenthulira ine, yotsalayo n'kudya okha, ndipo madzulo ake anamaliza mbale ya mpunga.

Anatisiya chisanu chisanathe, koma anapita atakhuta, atatula katundu wawo. Kubokosi kuja Kavita sanapiteko. Kufulati kwake sangachisunge, ndiye chimakhala muno, loko ali pachitseko, ndipo masamba akayamba kuyoyoka amabwera ndi mwana wake uja, amene lero ndi bambo wandevu, kudzachitsuka.

Ndiye adzukulu anga, mukadzaona nkhalamba ikukakamira kanthu kooneka kachabe, kapena koopsa kumene, musathamangire kukataya, yambani mwafunsa kuti kanadzera kuti. Chitsulochi sichidziwa kusiyanitsa munga ndi munthu, wodziwa ndi mwini dzanja, ndipo dzanja limaphunzitsidwa pakhomo. Onani, mvula yakata. Tadala, tunga madzi m'ndowamo, Chisomo tenga kansanza ako, khasu langali landidyetsa chaka chonse ndipo sindinalithokozebe.