Batire Lofungatira Mazira

Vumbwe atagwira thadzi lomaliza la nkhuku zimene malemu akazi awo anasiya, a Zondwayo a ku Engutwini anatola mazira asanazizire, nawaika pabedi pambali pa batire lalikulu lotchajira mafoni limene mwana wawo Goodluck anatumiza kuchokera ku Joni, n'kufunditsa zonse bulangeti. Amene anayamba kumva fungo anali Christobel, mkazi wa Goodluck, mtsikana wa ku Ntchisi amene azakhali a pamudzipo anamulangiza kamodzi kokha kuti mkamwana salowa kuchipinda kwa apongozi ake aamuna, ndipo salankhula nawo chiimire.

"Odi, adada." Anagwada kuseri kwa nsalu ya pakhomo.

"Yewo."

"M'nyumba muno mukununkha."

"Ndasamba."

"Si inu ayi. Fungo lake ngati pulasitiki ikupsa, koma lotsekemera."

"Ndi nkhuku."

"Nkhuku ija inadyedwa, adada."

"Iyi ndi ina. Ya ku Joni."

Christobel ananunkhizanso kuseri kwa nsalu.

"Ili ndi nthenga?"

"Ili ndi chingwe."

"Mayo ine! Batire lija?"

"Likufungatira. Silidzuka kukadya, silipita kukasamba fumbi, vumbwe sangalinyamule. Nkhuku yabwino chomene."

A Zondwayo anakweza bulangeti n'kusuzumira. Mazira anali phee mozungulira batire, ndipo kanyali kake kofiira kankawayang'ana ngati diso la thadzi lenileni. Anaika dzanja pamwamba pake, nalichotsa msanga, naliuzira mwakachetechete kuti mkamwana asamve.

"Likutentha, adada?"

"Likufunda."

"Tchaja yake ndi ija inabwera nalo?"

"Ija inali yaulesi. Ndinagula ina pamsika ku Boma, ndinadula mutu wake, ndinalumikiza ndekha kusola ya padenga. Iyi ndiye ikudziwa ntchito."

"Ndiye mumalizula nthawi yanji?"

"Munaona thadzi likuzulidwa?"

Christobel anasendera ndi mawondo mpaka pamzere weniweni wa khomo, osadutsa ngakhale chala.

"Adada, a Fathiya ogulitsa mafoni ku Boma aja anandiuza za mabatire amenewa. Anati osalitchaja pamatiresi."

"Silili pamatiresi. Lili papilo."

"Oo." Anaganiza. "Za pilo sananene."

"Mwaona."

"Koma anati osalifunditsa."

"A Fathiya anaswetsapo anapiye angati?"

"Sindinawafunse. Ndipite ndikawafunse?"

"Yayi!"

"Anatinso likatupa ndiye kuti lafika poopsa. Latupa?"

A Zondwayo anayang'ananso. Batire lija, limene linabwera lophwatalala ngati buku la nyimbo, tsopano linali ndi mimba ngati chitumbuwa.

"Lanenepa."

"Ndiko kutupako."

"Lakhuta, mkamwana. Chinthu chikudya dzuwa la ku Mzimba kuno tsiku lonse, chilekerenji kunenepa? Mukufuna chionde ngati mbuzi ya m'chilimwe?"

"Anati likatupa lisatchajidwenso."

"Mbwenu ngati vuto ndi kutupa, ndiponyereni singano. Chithupsa timaboola."

"Adada, ayi! Anati likabooledwa limalavula moto, moto wake woti ukauzima umayambiranso."

"Amayi amenewo amagulitsa mafoni kapena amalalikira Chivumbulutso?"

"Mafoni. Ndi makava ake."

A Zondwayo anakhala pampando wawo pafupi ndi bedi, napinda manja. Nkhuku zimenezi akazi awo anabwera nazo kuchokera kwawo ku Embangweni: zamakosi opanda nthenga, zoipa nkhope, zaukali ngati mwini wake. Zinatha imodziimodzi. Zotsala zinali m'zikhokhombe za mazira awa basi, ndipo panalibe Fathiya amene akanazizizitsa.

"Mwatha?" anafunsa.

"Katsala kamodzi. Anati batire likhale pansi, padothi, kutali ndi chilichonse choyaka."

"Silisuntha."

"Ngakhale pang'ono?"

"Mazira akazizira, mudzaaswa ndinu?"

"Ine sindidziwa kuswa kwake, adada."

"Ndiye silisuntha."

"Chabwino, adada."

Mawondo anakhwekhwereza kubwerera m'mbuyo. A Zondwayo anagwedeza mutu. Mwana waulemu, anatero mumtima. Goodluck sanasankhe molakwa.

Posakhalitsa anamva mpando ukukokedwa pabalaza. Kenako tebulo. Kenako thumba la chimanga likukhukhuluzika kulowera panja, wina akubuula pambuyo pake.

"Mkamwana!"

Mawondo, gubudu, pakhomo. "Wawa, adada."

"Tikusamuka?"

"Ayi. Anati batire likhale kutali ndi zoyaka. Batire mwati silisuntha. Ndiye ndikusuntha zoyakazo."

"Bwezerani mipando yanga!"

"Ndi yamatabwa, adada."

"Ndikudziwa! Ndinakhoma ndine!"

"Mukanandipatsirako matiresiwo ndi bulangetilo. Mungozikankhira pakhomo pano, ine ndilandira."

"Mazira agone pati?"

"Papilo."

"Chokani!"

"Chabwino, adada."

Anachoka. Kunja nkhunda zinalira, dzuwa linafika pamutu, ndipo fungo lija linayamba kuyabwa pakhosi. A Zondwayo anatsokomola kamodzi, mobisa. Ndiye kaudzu kanagwera pamphuno pawo. Kena kanagwera m'khutu. Atakweza maso anaona kumwamba kwa buluu pamene panayenera kukhala denga, ndi nkhope ya Christobel itaweramira pambali mwaulemu.

"Ehe! Mukutani uko?"

"Ndikusasula udzu."

"Padenga langa?"

"Ndiwo woyaka kwambiri, adada."

"Mkamwana pamwamba pa mutu wa apongozi ake! Azakhali anakulangizani zimenezo?"

"Anati ndisalowe. Sindinalowe. Anatinso ndizigwada." Ananyamula mtolo wina n'kuuponya pansi. "Ndagwada."

A Zondwayo anaimirira kuti aone bwino. Zoonadi, mwana wa eni anali chogwada pamitengo ya denga, chitenje chomangidwa bwinobwino, akuyenda ndi mawondo kuchoka paphaso lina kupita pa lina ngati ali m'tchalitchi.

"Tsikani musanathyoke!"

"Kwatsala mbali ya kumutu kwanu."

"Solayo musaikhudze!"

"Sindinaikhudze. Ndaisiyira kaudzu kake kokhalira."

"Mvula ikabwera ndigona kuti?"

"Anati moto, adada. Za mvula sananene."

Apa ndi pamene bulangeti linayamba kulira. Silinali phokoso lalikulu: sssss, ngati njoka yopondedwa mchira.

"Adada, n'chiyani icho?"

"Anapiye."

"Anapiye amati piyo-piyo."

"Awa ndi a ku Joni."

"Akutuluka utsi."

Utsi woyera unali kutuluka m'mphepete mwa bulangeti, wothamanga, osati waulesi ngati wa nkhuni. A Zondwayo anavundukula. Mimba ya batire inali itang'ambika pambali, ndipo pilo anali atayamba kuda. Anazula chingwe. Kulira sikunaleke.

"Mkamwana! Lowani munyamule mazira!"

"Sindilowa, adada."

"Ndakulolani!"

"Anandiletsa ndi azakhali. Akandilole ndi iwowo. Ndikawaitane? Ali kudimba."

"Ndapota nanu, lowani!"

"Fosholo ndingakupatsireni. Fosholo si mkamwana."

Fosholo inatsika kudzera padenga, chogwirira chili kutsogolo, yoperekedwa ndi manja awiri. A Zondwayo, amene ankadandaula msana chaka chonse, anatola mazira n'kuwaponya m'malaya mwachangu ngati mbava ya mango, nasupula batire ndi fosholo, nadutsa pabalaza popanda chowapunthwitsa chilichonse, poti panalibe kanthu. Analitaya pakati pa bwalo, pamchenga.

"Patali, adada! Anati muime patali!"

Nthawi iyi sanafunse kuti a Fathiya anaswetsapo anapiye angati. Anathawira kuseri kwa mtondo.

Batire linati phuu! Lawi linatumphuka kutalika ngati munthu, likulira ngati mpope, likulavula tizidutswa toyaka uku ndi uku. Linazima. A Zondwayo anatulutsa mutu. Linayakanso. Anaubweza. Mbuzi inadula chingwe n'kuthawira kwa aneba, ndipo pamene utsi unatha, pamchenga panatsala kanthu kakuda kokhwinyata ngati mbatata yoiwalidwa paphulusa.

Christobel anatsika, nagwada chapatali pakati pa mipando, tebulo ndi milu ya udzu.

"Mazira ali bwanji, adada?"

A Zondwayo anakhala pansi pang'onopang'ono, atagwira mimba ndi manja awiri. Anapisa m'malaya, natulutsa dzira limodzi, naliika pakhutu. Anakhala choncho nthawi yaitali. M'kati munali kanthu kogogoda, kofooka koma kaukali. Analibweza pakhungu msangamsanga n'kumanga mabatani mpaka m'khosi.

"Ali moyo."

"Ndiye awafungatira ndani?"

A Zondwayo anayang'ana pamimba pawo. Anangodzikonza pokhala, natambasula zigongono pang'ono.

"Ndikubweretsereni bulangeti?"

"Bweretsani."

"Lili kuchipinda kwanu."

A Zondwayo anatseka maso. Atawatsegula anayang'ana nyumba yawo yopanda chipewa, sola itakhala yokha pakachisa kake, kenako dzenje lakuda pamchenga, kenako bedi lawo likuoneka pazenera, pamene akanakhala atagona madzulo ano mutu uli papilo pomwepo.

"Mkamwana."

"Wawa, adada."

"Chinthu chija chinali pamutu pa bedi langa."

"Eya, adada."

"Chotupa. Chofunditsidwa. Pansi pa udzu."

"Eya, adada."

Anapukusa mutu mosamala kuti mazira asagundane.

"Ndiye inu, munthu wamkulu ndi nzeru zanu, mukuona mdala akufungatira moto pabedi, mungogwada pakhomo osalowa kudzaulanda? Ana a masiku ano mulibe mwambo!"